Anaimba Lolemba, Ine Ndinanena Lachinayi

Amayi, kumeneko mukupezako bwanji? Kwathu ku Biriwiri tilipo, kuzizira kokha ndiko kwatikwana. Mkazi wa mlongo wanga Yohane wachira, ndi mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu. Kachewere wachita bwino kudimba lakumtunda, koma lakumunsi chiwawu chinapsereza lonse. Denga la khitchini lija mumadandaula lija tafolera.

Nkhani yeniyeni ndi ya mwana wanu wapamtima, Tiyamike. Inde ndatero, wapamtima, musandiyang'ane choncho. Anafunsira ntchito ya pakauntala kubanki ina ku boma kwa Ntcheu. Paja foni kunyumba kwathu imangothawira ku netiweki ya ku Mozambiki, ndiye pakalata yake analemba nambala yanga, poti ine ndimakhala kumsika wa pamsewu wa Tsangano kumene imagwira bwino. Chitumizireni kalatayo, madzulo aliwonse ndikamasankha kachewere pakhonde iye amabwera ndi kope lake kuti ndizimufunsa mafunso, ati kukonzekera intaviyu.

Amayi, mukanamumva! Ndikafunsa kuti chiwongoladzanja n'chiyani, amayankha Chingerezi chautali ngati akulakatula ndakatulo. Ndikati tanena m'Chichewa, kukamwa yasa. Ine wa Fomu 2 ndi amene ndinamuuza kuti chiwongoladzanja chili pawiri. Ukasungitsa ndalama banki imakuwonjezera kangachepe, ukakongola ndiwe umawonjezera zambiri, ndipo banki imadyera pakati pamenepo. Chikole ndinachita kumulozera njinga ya a Phiri aja, imene inagona miyezi itatu m'nyumba mwanga kufikira atabweza ngongole ya kubanki m'khonde. Chimenecho ndiye chikole, katundu amene umaika kuti ukalephera kubweza atenge. Za ovadirafuti ndinamuuza kuti ndi pamene banki yakulola kutapa zoposa zimene zili mu akaunti yako, ndipo si mphatso ayi. Zaka zonsezi ndakhala mlembi wa gulu la amayi, zinthuzi ndimazigwira ndi manja. Iye amangozidziwa papepala.

Ndiye Lolemba foni inalira ndili kumsika. Anali mayi wa mawu osalala, akuti Tiyamike akafike Lachisanu naini koloko m'mawa, atenge masatifiketi ake enieni, osati mafotokope. Ndinayankha mwaulemu kuti ndimuuza. Amayi, sindinamuuze. Ndinabwerera kunyumba mtima ukuwawa ngati ndameza tsabola. Ndinkangomuona m'maganizo atakhala kuseri kwa galasi, zikhadabo zopenta, ine nditaima pamzere ndi dothi kumapazi, iye n'kumati wotsatira! Lolemba linadutsa, Lachiwiri linadutsa, ine ndikumufunsabe mafunso pakhonde ngati palibe chimene ndikudziwa.

Lachitatu anandipweteka zenizeni. Ndinali nditangomufotokozera kusiyana kwa akaunti yosungira ndi ija yotsekera ndalama miyezi yopangana, imene sutapa nthawi isanakwane koma chiwongoladzanja chake chimakhala chokulirapo. Iye n'kuseka, amvekere, "Achemwali, ndikadzayamba ntchito ndidzakutsegulirani akaunti, mudzasiye kusunga ndalama m'chitini." Ha! Ine? Kanthu kamene ndinkakabereka kumbuyo popita kuchigayo? Ndinataya kachewere yense m'dengu limodzi, wamkulu ndi wamng'ono yemwe, n'kukalowa m'nyumba. Ndinakumbukira mawu anu aja munkauza alendo, akuti, "Esinati ndi wa khasu, Tiya ndi wa pensulo." Anthu ankaseka, inenso ndinkaseka nawo. Sizinkandiseketsa, amayi.

Lachinayi m'mawa ndinamupeza akuchita kuyankhula yekha kuseri kwa nkhokwe, akupereka moni kwa mabwana a intaviyu amene sankadziwa n'komwe kuti akumuyembekeza mawa lake. Ndinachita manyazi. Ndinangoti, "Iwe, aimba a kubanki, akuti mawa naini koloko, ndi masatifiketi enieni." Analumpha n'kundikumbatira, kenaka anagwira pakamwa. Masatifiketi! Ine nsanje inandiiwalitsa kuti titatha kusesa pamaliro anu, amalume monga mwini mbumba ananyamula mapepala onse a pabanja kupita nawo kwawo ku Sharpevale. Ndikananena Lolemba, akanapita yekha mosathamanga n'kubwerako. Tsopano tsiku linatsala limodzi, zovala zosachapa, tsitsi losaluka, Tiya akungolira. Anandifunsa kuti aimba liti. Ndinati lero lomwe.

Ndinasiya matumba anga kumsika m'manja mwa anzanga n'kukwera minibasi mpaka ku boma, kuchoka apo njinga yamoto kutsetsereka kuchigwa, fumbi lokhalokha. Amalume ndinakawapeza kudimba la mpunga, matope m'mawondo. Paja mukuwadziwa mlongo wanu, sapereka kanthu asanafunse za mbumba yonse mmodzimmodzi. Pofika kunyumba kuti atsegule sutikesi dzuwa linali litapendeka, ndipo ndinagona konko.

Anandipatsa envulopu yonse ya kaki, ija munkaisunga pansi pa zovala za kutchalitchi. Lero m'mawa ndili m'galimoto ndinaitsegula kuti ndione ngati zonse zilimo. Za Tiya zinalimo. Koma pansi pake panali kapepala kena kachikasu, kokulungidwa bwinobwino m'pulasitiki. Lipoti langa la Fomu 2, teremu yomaliza ija musanandiuze kuti ndalama ya fizi ingokwanira mmodzi. Nambala wani kalasi yonse. Pamunsi aphunzitsi a masamu analemba kuti mwana uyu asasiye sukulu, ndipo pambali pake pali chidindo cha chala chanu.

Ndiye kuti munkadziwa, amayi. Zaka zonsezi ndinkadzitonthoza kuti mwina simunkadziwa poti kuwerenga kunkakuvutani. Koma munadinda, munakulunga m'pulasitiki, munasunga. Sindikudziwa ngati ndikuthokozeni kapena ndikukwiyireni. Panopa ndakwiya.

Tiya ndinamupeza pageti la banki itatsala pang'ono kukwana naini, atavala siketi yanga yakuda ija. Ndinamupatsa mapepala ake, n'kumuuza kuti akakamufunsa za chikole asakalakatule, akangonena za njinga ya a Phiri. Anaseka misozi ili m'maso n'kulowa.

Kalatayi ndikulemba nditakhala pakhonde la sitolo ina moyang'anana ndi bankiyo. Sanatulukebe. Ndikanakonda kukuuzani kuti nsanje yatha, koma inu sindingakunamizeni, ikadalipo. Komabe chitseko chikangotseguka ndimaimirira kuti ndione ngati ndi iye, ndipo ndadzipeza kawiri konse ndikumupempherera.

Ndimakukondani amayi, ngakhale lero ndakukwiyirani. Ndikukulonjezani kuti akatuluka, kaya akhale akuseka kaya akulira, tisanakwere minibasi ndimuuza kuti anaimba Lolemba.

Ndine mwana wanu woyamba,
Esinati