Chithunzi cha Mirta M'kati mwa Jezi

Rosario, 14 Meyi

Okondedwa alamu a Rubén,

Ndikhulupirira muli bwino ku Mendozako. Kuno kwayamba kuzizira.

Mwina munaonera mpira Lamulungu lapitali. Mwana wathu Nahuel anachinya timu yakwathu kuno, yomwe inamulera. Mwambo mukuudziwa: ukachinya timu yako yakale sukondwerera. Iye sanakondwerere ayi. Anangokweza jezi kuti aonetse chithunzi cha mayi ake, mlongo wanu Mirta, chimene amavala m'kati chichokereni kumaliro. Ochemerera anayesa akuwanyoza.

Lachiwiri masana ochemerera anayi anabwera kunyumba. Anaswa mawindo, ine n'kundigwetsa pakhonde, n'kumandiponda. Nthiti ziwiri zathyoka, koma ndikupuma ndithu. Mmodzi wa iwo ndinkamukweza panjinga yanga ali mwana. Ndi yemweyo anawerama n'kunena kuti, "Madala, mukapereke moni kwa Nahuel. Mumukumbutse kuti miyendo ya munthu imakhala iwiri yokha."

Nahuel sindinamuuze. Loweruka akufuna kudzaika maluwa pamanda a mayi ake. Chonde muimbireni foni, mumuuze kuti mwadwala, abwere kwanuko. Amalume ake sangawakanire.

Maluwawo ndikaika ndekha.

Ndine mlamu wanu,
Osvaldo