Makina a Amayi Ayambanso Kusoka

Okondedwa achimwene,

Landirani moni wa mlongo wanu. Kaya mukudzuka bwanji kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana? Kuno tilipo, kungoti mtima wanga suli m'malo.

Paja bambo anatuluka m'chipatala miyendo ili ngati timitengo. Namwino wowaphunzitsa kuyenda anandilangiza kuti ndisamawaunjikire chakudya kamodzi. Akuti munthu akadya mazira, mkaka kapena nsomba, minofu imayamba kumangika pakatha ola limodzi, imalimbikira maola awiri kapena atatu, kenako imaleka ngakhale mimba ikadali yodzaza. Ndiye ndiziwapatsa pang'onopang'ono, kanayi pa tsiku.

Ndinatsatira zonse osaphonya. Bambo anasankha kumadyera m'chipinda chosokera cha malemu amayi, chitseko chotseka, ndipo mbale imatuluka ili mbee. Koma Lamlungu lililonse ndimawayeza mkono ndi tepi yanga ya utelala, ndipo ukungocheperachepera.

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo, bambo atakhala pakhonde, ndinamva makina a amayi akulira. Nditasuzumira, m'chipindamo munalibe munthu, koma chopondera chinkagwedera chokha, mofooka. Panali patatha ola limodzi chilowereni mbale.

Musandiseke achimwene, paja mumati ine ndimathawa ndi mphemvu yomwe. Ndakhala ndikuyang'ana wotchi. Mbale ikalowa, ola loyamba kumakhala zii. Kenako makina amayamba, amathamanga maola atatu, n'kuzilala. Tsiku la mkaka wokha amalira monyinyirika, koma tsiku la mazira mpaka galasi la pawindo limanjenjemera.

Nditawafunsa, bambo sanabise. Anati mbale amaiika pampando wa amayi, iwo n'kumwa madzi. Akuti amayi anapita ataonda kwambiri, ndiye ayambe apeza mphamvu amayiwo, za bambowo tidzaona pambuyo.

Tsopano nachi chandilembetsa kalatayi. Izi ndinazidziwa masabata atatu apitawo, ndipo sindinaletse. M'malo mwake ndinayamba kuika mazira awiri. Ndinkaima kukhitchini n'kumamvetsera kapondedwe ka amayi kaja, kothamanga n'kupumira pakona ya nsalu. Ndawasowa amayi, achimwene, ndawasowa zedi. Ndinayesa kuwapatsa bambo mbale yachiwiri, koma nayonso amakaiika pampando pomwepo.

Dzulo bambo analephera kukweza kapu ya tiyi. Mantha anandigwira, ndipo ndinalowa m'chipinda muja kuti ndikachotse mbale. Nditangoikhudza, dzanja lozizira linandigwira pamkono. Mwezi wathawu mphamvu yake inali yongogwedeza chopondera, koma dzulo landisiyira zala zinayi zakuda pakhungu. N'chifukwa chake zolemba zanga zapindika chonchi, ndikulemba ndi lamanzere. Mbale ija ndinaisiya pomwepo.

Chonde bwerani sabata ino mudzawatenge bambo, azikadyera patebulo panu inu mukuona. Musandiuze kuti ndingoleka kulowetsa mbale, chifukwa ndayesa ndipo ndalephera. Panopa mazira ali pamoto, ndipo sindingakunamizeni kuti ndikuphikira bambo.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana, koma anawo musabwere nawo. Mulungu akusungeni ndipo akuyendetseni bwino pa ulendo.

Ndine mlongo wanu,
Mzime wa amayi