Bwezeretsa Geji ya Muvi

Wokondedwa Yohane,

Ndikhulupirira uli bwino ku Joniko. Kuno tilipo, bondo lokha ndiye silinasiye.

Geji ya manambala imene unaiketsa m'galimoto ija yatipweteka. Lachiwiri, pochokera kokatenga feteleza wa makuponi ku Kaluluma, dzuwa linawala pagalasi, manambala osaoneka. Ndinafunsa malume ako kasanu ngati injini yatentha. Iwo akuyendetsa anangoti, "Achemwali, ine ndikuona mdima." Injini inawira. Titakhala panjira maola atatu, mvula inatipeza, matumba awiri mwa anayi ananyowa.

Ya muvi ija inandichenjeza zaka khumi ndi chimodzi osaphonya, iwe n'kuitcha yachikale. Uuze makaniko wako aibwezeretse sabata ino. Zamakonozo ukayesere m'galimoto yako.

Mulungu akusunge, akuwonjezerenso nzeru.

Ndine mayi ako,
Nabanda