Chimbale cha amalume pa ndowa ya chinangwa

Lachinayi, ku Kande

Mtima sukukhazikika lero. M'mawa ndinapita ku Chintheche kukaona aNyachirwa, akazi a malemu amalume. Ndinapeza ndowa ya chinangwa choviika ataivundikira ndi chimbale chakuda cha galamafoni, ati kuopa ntchentche. Pakati pake pali dzina la amalume lolemba pamanja. Akuti anajambula ndi anzawo akugwira ntchito ku migodi ku Zambia, zimbale zochepa chabe zongogawana okhaokha.

Ndachibwereka, ndachitsuka, ndachiika pa galamafoni ya kuloji komwe ndimaphika. Abale! Gitala ikulira ngati mavu otsekeredwa m'chitini, mawu akubwerera ngati munthu akuimbira m'phanga. Amalume omwe aja, mkulu wa mpingo amene ankatiletsa ngakhale kuimba likhweru Lamulungu! Ndamvera katatu, chambo cha alendo pang'onong'ono chipserere.

Mbali yachiwiri inapindika ndi dzuwa. Singano ikungodumpha pamalo amodzi, amalume n'kumabwereza dzina la mkazi. Si la aNyachirwa.

Tsopano andiimbira foni: "Ada, chivundikiro changa chibwere mawa."

Zaka zonsezi, kunja, padzuwa. Kaya zinalidi ntchentche…