Msana Wanga ndi Mayi Ake a Shigeto

2 Julayi 1955, Hiroshima
Shigeto wanena! Pachiwaya penipeni, ine ndikutembenuza chitumbuwa cha kabichi, iye manja ali bii ndi mafuta a njinga za eni. Akuti akufuna kundikwatira. Chitumbuwa chapserera. Wadya chomwecho. Azakhali a Kinu, ondilera, akuti ndisiye kumwetulira ngati wopepera, makasitomala angathawe. Sindingathe.

9 Julayi
Mayi wachilendo wa ambulera yoyera, khomo ndi khomo kufunsa za ine. Watumidwa ndi akwawo kwa Shigeto ku Kure, monga mwa mwambo. Funso lenileni n'limodzi: tsiku la bomba ndinali kuti? Amene linamuwalira sakwatiwa msanga, akuti adzabala ana odwala. Shigeto ndinamuuza kale zoona. Mayi ake sadziwa.

Aneba anga, anthu abwino, koma bodza salitha! Osapangana n'komwe. Wogulitsa tofu, chakudya cha soya, akuti ndinali kumudzi ku Miyoshi. Wometa akuti kuchilumba. Agogo ogulitsa fodya akuti ndinali ndisanabadwe. Ine, wa zaka 22! Ndaseka mpaka misozi. Kenako yabwera misozi inayo.

17 Julayi
Mkangano pachiwaya, wa chaka ndi chaka Ogasiti, mwezi wa bomba, akamayandikira. Mphunzitsi wina akuti pakanapanda bomba, nkhondo ikanamaliza anthu ochuluka kuposa apa. Wometa, chakudya chili m'kamwa, akuti zabodza, tinali titagonja kale, ankangofuna poyesera chida chawo. Azakhali awauza kuti akakanganire kunja, mipando ndi ya odya. 

Pondiperekeza ndi pomwe Shigeto wandiuza. Anali kuphunzira kuyendetsa kaboti kodzaza mabomba, kopita osabwerera. Ulendo wake unali kumapeto kwa Ogasiti yemweyo. "Nkhondo ikanapitirira, Tomie, bwenzi ine kulibe." Ndamuyankha kuti bomba likanapanda kugwa, bwenzi amayi anga alipo. Tayenda mpaka pamlatho. Wagula ayezi wotsekemera wa nyemba, tagawana.  Ndimamukondabe, mwinanso kuposa dzulo.

28 Julayi
Mayi ake a Shigeto akubwera okha Lamulungu. Akuti tikasambe limodzi kubafa la anthu onse. Ndani sadziwa tanthauzo lake? Kukayendera thupi la mtsikana. Msana wanga, kuyambira paphewa mpaka m'chiuno, chipsera chotukuka. Ndimapitako ena atachoka, chifukwa akachiona amatuluka m'madzi.

Azakhali akuti ndinamizire chimfine. Kutentha konseku? Ndipita. Aone, akane ndikuwaona.

31 Julayi
Kamayi kakafupi, a Haru, mayi ake a Shigeto, mawu ngati wotsatsa nsomba. Ndavula. Ndakhala pakampando, kuwafulatira dala. Akazi awiri anyamula mabeseni awo n'kusendera kutali.  Ndinati basi, zatha.

Kenako kansalu kofunda paphewa. Chonsecho wamng'ono ndiye amayamba kukwecha wamkulu.

A Haru anati: "Ogasiti aliyense ndimaphika mpunga wofiira, kuthokoza kuti mwana wanga anabwera wamoyo. Sindinafunsepo kuti anapsa ndani."  Ndikanati chiyani? Ndangoti, "Kwechani ndithu amayi, pamenepo ndekha sindifikapo."

Akwecha. Ndi mphamvu! Kenako kutembenukira akazi aja: "Mukuyang'ana chiyani? Simunaonepo munthu akusambitsa mpongozi wake?"

Mpongozi wake.

Panja Shigeto atagwira njinga, thukuta kamukamu. Mayi ake angomuuza kuti mtsikanayu ngwoonda, azimudyetsa. Iye kuwerama kwa mayi ake, kwa ine, mpaka kwa mlonda wa nsapato wa pabafapo.

Azakhali alira, kenako andikalipira kuti kabichi sindinadule.

Msana ukuwawa ndithu. Koma lero n'chifukwa chakuti wina waugwira.