Tsiku Limene Kompyuta Inatuluka Thukuta

Lolemba, 3 Marichi

Achimwene abweretsa laputopu yakale yokhala ndi masewera a tchesi, kuti Bambo azipeza wosewera naye. Chisiyireni kuona, anzawo sabweranso. Bambo amafufuza bolodi lawo ndi zala n'kutchula poyenda, ine ndimadina, kenako ndimawauza mmene kompyuta yayankhira. Ndisanachotse n'komwe chala, iyo yayankha kale! Ndinachita mantha ndithu.

Lachitatu, 5 Marichi

Bambo agonja katatu. "Zaka makumi anayi ine ndikutuluka thukuta pamasewerawa, ichi osaphethira n'komwe? Mwanangu, bolodili ukapatse aliyense." Tsiku lonse sanadzuke pabedi. Bolodilo ndalibisa mukabati, pansi pa zovala zanga.

Lachinayi, 6 Marichi

Ndawerenganso kope langa, momwe ndimalemba kuyenda kulikonse poopa kulakwitsa. Chodabwitsa: poyamba kompyuta imayankha pompopompo, kasanu ndi kawiri kapena kupitirira pang'ono. Kenako kafani ka mkati kamayamba kulira, iyo n'kumachedwa. Masewera onse choncho. Ndabwereza kawiri kuti ndisaname.

Lachisanu, 7 Marichi

Ndinazengereza, komabe ndafunsa achimwene pafoni. Anaseka. "Iwe wasanduka wapolisi eti?" Akuti ili ndi buku mkati, la mayendedwe oyambira amene akatswiri akhala akusewera kwa zaka zambirimbiri. Poyamba siganiza, imangowerenga. Buku likatha m'pamene imayamba kudziganizira yokha.

Ndiye kuti tinkalimbana ndi chikhamu cha anthu, ena anamwalira kalekale, onse m'kabokosi kamene ndimakapukuta fumbi!

Loweruka, 8 Marichi

Ndinawauza Bambo zimenezi ndikuwameta ndevu. Iwo anati: "Ndiye kuti chimabera mayeso? Tachibweretsa. Titulukemo m'buku lakelo."

Poyamba anati hachi yawo ya m'masewerawo ipite m'mphepete, komwe amandiletsa nthawi zonse. Kachiwiri, hachi inayo, m'mphepete mwinamo. Ndinafunsanso ngati ndamva bwino. Ndinadina.

Zii. Kenako kafani kaja, fuuu.

"Chikutani?"

"Chikuganiza, Bambo."

Anapapasa mpaka anapeza pomwe pamatulukira mpweya wotentha, n'kusiya chikhatho pomwepo. "Eya. Nachonso chituluke thukuta."

Agonjabe, koma patatha ola lathunthu. Akuti mawa ndiwadzutse molawirira, ndipo bolodi ndilichotse pansi pa zovala. Akuti amalimva likugobedeka ndikamatsegula kabati.