Kodi ndimupereke mwanayu kwa mlamu wanga?

Aphungu,

Ndine mlimi wa mpunga ku Chia, bambo wa ana awiri. Mkazi wanga Nester anatisiya chaka chatha.

Nester ankacheza ndi mwana wathu woyamba, Rute, kuyambira ali kumsana. Akamavuula chinangwa choviika, ankamupatsa chimodzi n'kumufunsa kuti, "Tatsina, mayi, chafewa kapena tichibwezere m'madzi?" Mwanayo akalakwitsa, iye ankangoti, "Tanunkhiza kaye." Azimayi anzake ankamuseka: "Iwe Nester, ukufunsira nzeru kwa munthu wa thewera?"

Rute pano ali Sitandade 4. Mwezi watha aphunzitsi ake anandiitanitsa, ndipo ndinapita mtima uli m'mwamba. Iwo anati, "Bambo, mwanayu akapeza samu amafotokozanso mmene waipezera. Munkamutani ali wamng'ono?" Pobwerera ndinadzera kumanda kukathokoza.

Nkhawa yanga ili pa Raston, wa zaka ziwiri. Ine ndine munthu wosalankhulalankhula. Ndimamusambitsa, ndimamudyetsa, koma tsiku limatha m'nyumba muli zii. Mlamu wanga wa ku Dwangwa akufuna kumutenga. Akuti, "Alamu, mwanayu adzakula ali duu ngati inu nomwe." Amanena moseka, ndipo ndi munthu amene anatigwira dzanja pamaliro. Mwanayu ndimamufuna pafupi, koma sindikufuna kumumana zimene mlongo wake analandira. Ndimupereke?

T.F., Chia, Nkhotakota

Bambo T.F.,

Pepani ndi imfa ya mayi a kunyumba. Anali mphunzitsi weniweni, ndipo inu munkaonetsetsa, n'chifukwa chake mawu awo mukuwakumbukira bwino chonchi.

Musamupereke. Raston wataya kale mayi, asatayenso bambo ndi mlongo wake. Alamu anuwo athokozeni ndi mtima wonse, muwapemphe azibwera kudzacheza.

Ubongo wa mwana umakula akamayankhidwa, ndipo zimenezo sizilira munthu wolongolola. Yambani ndi zimene manja anu akuchita. Pomusambitsa, tchulani mwendo, khutu, sopo. Kumunda akaloza mbalame, muuzeni dzina lake, mumufunse kumene ikupita, kenako mudikire. Apa ndiye mwawina, chifukwa anthu ofatsa amadziwa kudikira mwana mpaka amalize mawu ake. Muzimupatsa zosankha: nthochi kapena mbatata? Rute azimuimbira nyimbo za kusukulu, koma musamusandutse mayi, nayenso ndi mwana wofedwa. Ngati pafupi pali sukulu ya mkombaphala, kamulembetseni msinkhu ukakwana.

Chenjezo langa ndi ili: akamapanda kutembenuka mukamuitana, kapena akamayandikira zaka zitatu osalumikiza mawu awiri, kauzeni azaumoyo kusikelo msanga. Musamamuyerekezenso ndi Rute, mwana aliyense ali ndi liwiro lake.

Masiku oyamba mudzachita manyazi kudzimva mukulankhula nokha. Pitirizani. Tsiku lina adzakufunsani mafunso mpaka mudzalakalaka atakhalako chete.

Aphungu